Mendulo M'ndowe za Ng'ona

Sajeni Choque anagwada m'matope, natola kamtengo, n'kuyamba kutokosa chinthu choyeracho ngati akuopa kuti chimuluma.

"Ndiye mukuti izi ndi ndowe za ng'ona, Don Eleuterio?"

"Za ng'ona, bwana."

Mpaka apa Eleuterio Muiba anali asananame. Munthu amene anatha zaka makumi atatu akusenda ng'ona m'madambo a Beni, boma lisanaletse, sangasokonezeke pa nkhani ya ndowe. Za nyalugwe zimakhala ndi ubweya ndi tizidutswa ta mafupa. Za akapiwara, makoswe aakulu ngati nkhumba aja amene amatha chinangwa cha anthu, ndi timibulu. Koma za ng'ona zimakhala zosalala, zopanda ubweya kapena fupa, chifukwa mimba ya ng'ona imasungunula zonse. Zikauma zimayera mbuu ngati laimu.

Zimene zinali pagombe la dziwe Lachisanu limenelo zinali zoyera choncho. Pakati pake panali mendulo ya Mayi Maria, imene aliyense ku Puerto Almendro ankaidziwa kuti inkakhala pakhosi pa Fulgencio Tamo. Chapafupi panali chipewa ndi chikwanje chake. Mwini wakeyo anali atasowa kuyambira Lachiwiri m'mawa.

Sajeni anafunsa ngati zimenezi zikutanthauza kuti ng'ona ndiyo inadya munthuyo. Anthu a m'mudzi anali ataima kumbuyo, atadzikulunga m'mabulangeti chifukwa cha suraso, mphepo yozizira ya kumwera imene inayamba Lamulungu. Onse ankayang'ana kukamwa kwa mkuluyu.

"Inamudya, bwana."

Bodza linayambira pamenepo.

Ng'ona siidya kukazizira chonchi. Imangogona m'matope, ngakhale mbuzi itaiponda pamphuno. Ndowe zake zikakhala zatsopano zimakhala zofewa, zobiriwira, zonunkha nsomba, ndipo kuti ziyere pamafunika dzuwa la masiku khumi. Dzuwalo likanachoka kuti sabata ya mitambo yokhayokha? Nanga chitsulo ng'ona imatulutsa? Imachisunga m'mimba pamodzi ndi miyala mpaka tsiku lofa. Zonsezi Don Eleuterio anaziona asanawerame n'komwe. Koma choopsa kwambiri ndi chimene anaona atawerama.

Alenje akale amasunga ndowe zouma za ng'ona m'chipanda. Amazipera n'kuziwaza m'mbali mwa munda kuti akapiwara akamva fungolo athawe, ngakhale kuti chaka chino akapiwarawo anali atazolowera, akungodya chinangwa cha mkuluyu ngati anadzala okha. Asanaike ndowe m'chipanda, Don Eleuterio ankadula kansonga kuti aone ngati zauma mpaka m'kati. Mpeni wawo unabenthuka pakati kalekale, ndipo paliponse pamene wadula umasiya kamzere.

Kamzereko kanali pamenepo, pansi pa kamtengo ka Sajeni. Ndipo kunyumba kwawo, chimwalirire akazi awo, ankakhala anthu awiri okha: iwo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Baltasar.

* * *

Sajeni Remigio Choque anali wa kumapiri a ku Oruro, kumene ati madzi amauma m'chidebe. Ankayenda atapinda malaya, masamba a koka ali m'tsaya, akuseka anthu a m'chigwa kuti kamphepo aka n'kofunda nako bulangeti? Koma akakwera bwato ankagwira mbali zonse ziwiri ngati nkhuku ya pamsika, ndipo pamenepo anthu ankabwezera. Popeza njira za m'dambo sankazidziwa, anapempha Don Eleuterio kuti azimupalasira. Choncho mkuluyu anayenera kumva umboni wonse ndi makutu awo, chinthu chimene akanalola kutaya mwendo kuti achipewe.

Anayambira kwa Casilda, mkazi wa Fulgencio. Anamupeza akusinja nthochi zowotcha mumtondo, osati chifukwa chofuna kudya, koma kuti manja apeze chochita. Theka la denga la nyumba linali litasasuka. Iye ananena motsitsa mawu kuti mphepo inasasula dengalo Lolemba, ndipo Lachiwiri kutangocha mwamuna wake anatenga chikwanje kukadula masamba a kanjedza ofolerera. Sanadye kanthu. Anangoti aikiretu madzi a khofi pamoto, abwera msanga.

Sajeni anafunsa ngati kudziwe kuli kanjedza. Casilda anapukusa mutu. Anati kanjedza wabwino ali kuseri kwa munda wa padrino. Ankanena Don Eleuterio, amene anamunyamula pa ubatizo wake ali wakhanda.

"Nanga kudziwe anakatani?"

"Sindikudziwa, bwana. Fulgencio ankaopa madzi kuposa inu."

Sajeni analemba. Don Eleuterio ankayang'ana zala za kumapazi kwawo. Akutsazika, Casilda anawagwira mkono, nagwada pafumbi.

"Padrino, sindinakupempheni kanthu chibadwire. Ipheni ng'onayo muing'ambe pamimba. Mundipatseko ngakhale kafupa kamodzi ndikaike kumanda. Ana azikayatsa kandulo pati? Padziwe?"

Akanati chiyani? Analonjeza kuti mawa Loweruka, dzuwa likakwera, adzabwera ndi mfuti. Potuluka anaiwala chipewa chawo pampando, ndipo wamasiyeyo ndiye anawathamangira nacho.

* * *

Doña Pura wa kagolosale sankafunika kufunsidwa. Mayi ameneyo ukangomupatsa moni, tsiku lako latha. Anawauza za mtengo wa mchere, za bondo lake, za wansembe amene sanabwere chichokere Pasaka, kenaka n'kufika pa nkhani.

"Ng'ona, ng'ona! Ine ndakhala pano zaka makumi anayi, chimphona chija chakhala chikundiyang'ana ndikuchapa, sichinandilawepo. Kapena ndine wowawa? Inu funsani za mfuti."

Sajeni anasiya kutafuna. Mfuti iti?

Doña Pura anati Lachiwiri m'mawa, akutsegula zenera, anamva mfuti ikulira kamodzi. Osati kudziwe ayi, koma chakukanjedza. Makutu ake ndi a mwana, mawondo okha ndiwo anakalamba. Kenaka anatsitsa mawu, ngakhale kuti kutsitsa kwakeko kunkamveka kutsidya kwa msewu. Anati iye si munthu wa miseche, Mulungu ndi mboni, koma pa chikondwerero cha Yohane Woyera sabata yathayi anyamata awiri anagwirana pakhosi chifukwa cha mpikisano wa akavalo. Wina anauza mnzake kuti tidzaonana kutchire.

"Anyamata ake ati?"

Mayiyo anayang'ana Don Eleuterio, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Puerto Almendro anatseka pakamwa. Anayamba kupukuta sikelo imene inali yoyera kale.

"Mmodzi anali Baltasar wanga, bwana," anatero mkuluyu. "Ndi za mowa. M'mawa mwake anapatsana moni."

Zoti anapatsana moni sankazidziwa. Limeneli linali bodza lachiwiri, ndipo chimene chinawachititsa mantha n'chakuti linatuluka mosavuta kuposa loyamba.

* * *

Baltasar ankagwira ntchito yoweta ng'ombe pa famu ya kutsidya kwa mtsinje. Kapitawo wake, Onofre, anali munthu wouma pakamwa, wa mawu owerengeka. Sanatsike pa kavalo poyankha mafunso a Sajeni.

Lachiwiri? Ankadinda ng'ombe. Baltasar? Anabwera. Nthawi yanji? Mochedwa. Mochedwa bwanji? Masana. Anati chiyani? Anati kavalo anatsimphina.

"Anatsimphinadi?"

"Kavalo ayi. Mwini wake ndiye anali ndi matuza m'manja."

"Matuza a chingwe?"

Onofre analavula. "Woweta ng'ombe sachita matuza ndi chingwe. Amenewo ndi a fosholo."

Pobwerera, bwato lili pakati pa mtsinje, Sajeni anaiwala kugwira m'mbali. Anayang'anitsitsa wopalasayo, nafunsa ngati mwana wasukulu kuti kodi chakudya chimatenga masiku angati m'mimba mwa ng'ona. Anati iye ndi wa kumapiri, ng'ona anaziyamba kuziona pa chithunzi, koma anaweta nkhosa ali mwana, ndipo sanaonepo ndowe za dzana zikusanduka fumbi kunja kuli mitambo.

Don Eleuterio anayankha kuti nyama iliyonse ili ndi mimba yake.

"Zoona," anatero Sajeni. "Mawa tikaiona mimbayo. Mukaing'amba tikapeza munthu, ndilemba kuti ngozi, ndikwera boti ndizipita. Tikapeza miyala yokha, ndiye kuti ndicheza ndi mwana wanu."

Nkhafi inaterereka m'manja mwa mkuluyu, ndipo anachita kuiwakha isanapite ndi madzi.

* * *

Atafika kunyumba anapita molunjika pakhonde, natsitsa chipanda. Anakhuthulira ndowezo pathebulo. Mwezi wathawu anatola zisanu ndi imodzi pa mchenga wa kumtsinje. Zinalipo zisanu.

Anakhala pansi. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma sananene kuti mwini mkhatewo mtima umamupweteka bwanji. Mwana ameneyu anamulera okha. Anamuphunzitsa kupalasa, kuponya chingwe, kuwerenga mapazi a nyama. Za ndowe anamuphunzitsa theka lokha, chifukwa boma linali litaletsa kale ulenje wa ng'ona ndipo anaona kuti n'zopanda ntchito. Ndiye onani tsopano, mwana wapha munthu chifukwa cha kavalo, n'kubisa mlandu ndi nzeru zatheka. Anadziimba mlandu chifukwa cha theka limene anaphunzitsa, n'kudziimbanso mlandu chifukwa cha theka limene anasiya. Ndipo Casilda, mwana amene anamulonjeza pamaso pa Mulungu kuti adzamuteteza, anali atamunamiza ali chigwadire pafumbi.

Maganizo oipa nawo sachedwa. Anakumbukira kuti kuseri kwa khola kuli mafupa a mwana wa ng'ombe. Munthu wodziwa kung'amba ng'ona angathe kubisa kafupa m'dzanja, n'kukatulutsa m'mimbamo anthu akuona. Casilda akanaika m'manda fupa la ng'ombe, n'kumaliyatsira kandulo chaka ndi chaka. Anachita manyazi mpaka thukuta, koma maganizowo sanachoke.

Analowa m'nyumba kuti akonzeretu mfuti ya mawa. Pa msomali wake panalibe. Anaipeza itapachikidwa kuseri kwa chitseko, pamene iwo sanaipachikepo chiyambire. Inali yopukutidwa bwino, yonunkhira mafuta atsopano.

Baltasar anafika dzuwa lisanalowe. Anali mnyamata wamtali, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, koma masiku anayi amenewa anali atamukalambitsa. Anaona ndowe pathebulo, anaona mfuti pamiyendo pa bambo ake, naima pakhomo.

Don Eleuterio sanakweze mawu. Anamuuza kuti ng'ona siidya pa suraso. Anamuuza za dzuwa la masiku khumi, za chitsulo chimene sichituluka, ndi za kamzere ka mpeni. Anamuuza kuti wapolisi uja si chitsiru monga mmene amaonekera m'bwato. Kenaka anafunsa funso limene linkawavutitsa kuyambira m'mawa.

"Chifukwa cha kavalo, mwana wanga? Munthu wa ana atatu?"

Baltasar anawayang'ana. Sanakwiye. Nkhope yake inali ya munthu amene akumvera chisoni mnzake.

"Bambo, simukukumbukiradi?"

"Kukumbukira chiyani?"

"Lolemba madzulo mfutiyo munapita nayo kuti?"

Mkuluyu anatsegula pakamwa kuti anene kuti mfuti sinachoke pa msomali. Koma zinthu zinayamba kubwerera m'maganizo mwawo. Anaona chinangwa chawo chitafukulidwa mizere itatu. Anadziona okha akutukwana akapiwara, akutenga mfuti ndi chingwe. Anaona mphanda ziwiri zimene anazika m'mbali mwa kanjira ka nyamazo, kanjira komwe kaja kopita kukanjedza. Anamangirira mfuti pa mphandazo, n'kudutsitsa chingwe pakanjirako, kuti chilichonse chokhudza chingwecho chidziwombere chokha.

Msampha wa mfuti uli ndi lamulo lake, ndipo mwana aliyense wa kudambo amalidziwa. Wotchera amamanga masamba awiri a kanjedza mopingasa ngati mtanda kumayambiriro ndi kumapeto kwa njira. Amauza anansi. Ndipo tambala akangolira amakachotsa mfutiyo, anthu asanayambe kuyenda. Don Eleuterio okha ndi amene anakwapulapo anyamata a eni chifukwa chophwanya lamulo limeneli.

Anakumbukira kuti mphepo inawalowa m'mafupa akumanga chingwe. Anati akatenge kaye bulangeti, mitanda amanga pobwera. Kunyumba anamwa kapu ya mankhwala a mawondo, nakhala pampando kuti apumeko pang'ono. Zina zonse zinafufutika, monga mmene zinthu zinali zitayambira kufufutika chaka chino: chipewa, dzina la galu, mphika pamoto.

"Ndinamva kulira kwake ndikumanga kavalo," anatero Baltasar. "Inu munali mtulo. Ndinayesa ndi kapiwara, ndinapita ndikuseka kuti lero tidya nyama. Munaitchera pa msinkhu wa kapiwara, bambo. Kwa munthu pamenepo ndi pantchafu. Ndinamanga ndi lamba wanga, koma magazi sanasiye. Anafera m'manja mwanga."

"Ananena kanthu?"

"Anati ndimuuze Casilda achotse madzi pamoto."

Kunja mphepo inkagwedeza chipanda chopanda kanthu chija. Baltasar anapitiriza, akulankhula ndi pansi. Anati anamukwirira Fulgencio pansi pa kanjedza wamkulu, mozama, kuti nyama zisafukule. Anamupempherera zimene ankakumbukira. Mendulo, chipewa ndi chikwanje anapita nazo kudziwe Lachinayi pamodzi ndi ndowe imodzi ya m'chipanda, ataona kuti anthu ayamba kufufuza chakumunda. Anati anadikira masiku onsewa kuti bambo ake afunse za mfuti, ndipo ataona kuti sakufunsa anathokoza Mulungu.

"Muli ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Kundende ya ku Trinidad simungathe mwezi. Wapolisiyo akafuna munthu, atenge ine. Aliyense anamva ndikumuopseza pa chikondwerero."

Don Eleuterio anayang'ana manja a mwanayo. Matuza aja anali ataphulika. Tsiku lonse anakhala akudzimvera chisoni kuti ndi bambo wabwino amene akunamira mwana woipa. Analira mokweza ngati mmene analirira tsiku loika akazi awo, ndipo mwana amene ankamuyesa wakupha ndiye anawagwira mapewa.

* * *

Loweruka mphepo inaleka. Dzuwa linatuluka, ndipo mudzi wonse unatsikira kudziwe, ena ndi zingwe, ena ndi mipeni, Doña Pura ndi mpando wake. Ng'ona yaikulu ija inali itakwera pamchenga wa kutsidya kuti iwothe, pakamwa pali yasa, yosadziwa kuti ili ndi mlandu. Mwana wa zaka khumi akanatha kuiwombera.

Casilda anaima kutsogolo. M'manja anali ndi kabokosi kamatabwa, kakang'ono ngati ka nsapato, kamene anayalamo nsalu yoyera.

Don Eleuterio anafika atavala malaya a kutchalitchi, mfuti ili paphewa. Baltasar ankawatsatira atanyamula fosholo imene bambo ake anamusenzetsa, akuwanong'oneza kuti asachite zimenezo, koma iwo sanacheuke. Anadutsa bwato limene anawakonzera, napita kwa Sajeni. Anatembenuza mfuti, n'kumupatsa chakumtengo.

"Inunkhizeni, bwana. Mafuta angabise, koma yalira kale sabata ino."

Kenaka anatulutsa m'thumba chidutswa cha ndowe ndi mpeni wawo wobenthuka. Anadula pamaso pa anthu onse, n'kuonetsa kamzere. Anauza Sajeni kuti ayerekeze ndi zimene anakulunga m'pepala dzulo. Ananena za msampha, za mitanda imene sanamange, za tambala amene sanamumve. Anthu amene anabwera kudzaona ng'ona ikufa anatsitsa zingwe ndi mipeni yawo.

Sajeni anayang'ana manja a mkuluyu, opanda thuza ngakhale limodzi, kenaka manja a Baltasar.

"Ndipo dzenje munakumba nokha, Don Eleuterio?"

Bodza lachitatu linali lokonzeka kale palilime. Anali atalikonza njira yonse. Koma Casilda ankawayang'ana, kabokosi kaja kali m'manja mwake, ndipo anaona kuti mwana ameneyu amunamiza mokwanira.

"Anakumba ndi mwana wanga, pofuna kubisa manyazi a bambo ake. Zimenezo mulembe. Koma mulembenso kuti anamanga bala ndi lamba wake. Wopha ndi ine."

Anapita kwa Casilda. Mawondo awo analira pogwada, pamatope pomwe paja pamene ananamira dzulo.

"Mwana wanga, kabokosi ako kachepa. Mwamuna wako ali wathunthu, ali kuseri kwa munda wanga. Ndinakulonjeza fupa limodzi, ndikupatsa onse."

Casilda sanakuwe. Anayang'ana mutu wa imviwo, kenaka anafunsa ngati Fulgencio anavutika, ndiponso ngati ananena kanthu. Don Eleuterio anamuuza za madzi a pamoto.

Mkaziyo anaika kabokosi pansi bwinobwino. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Imirirani, Don Eleuterio," anatero. "Tsogolani."

Chibadwire anali asanawatchulepo dzina limenelo, ankangoti padrino. Mkuluyu anaimirira, natenga fosholo m'manja mwa mwana wawo, n'kuyamba kuyenda chakukanjedza.